Jeke yaboola pansi pa Corolla yanga: ndikonze kapena yatha?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene ali ndi Toyota Corolla AE110 ya 1998, yobwera kuchokera ku Japan. Alemba motere: "Tayala lakutsogolo litaphwa ndinaika jeke pamalo pake penipeni, koma m'malo moti galimoto ikwere, jeke inalowa m'kati mwa chitsulo cha pansi pa chitseko. Pachita bowo lolowa zala zitatu ndipo pakugwa zinyenyeswa zofiira. Wowotcherera wina akuti aikapo chigamba pamwamba, amate fila, apente, zonse tsiku limodzi. Injini ili bwinobwino. Ndimulole, kapena galimotoyi yatha?"

Bambo, musamulole. Koma musafulumirenso kuigulitsa. Yankho lenileni lili m'kati mwa chitsulocho, ndipo simungalidziwe musanatsegule ndi kuona pomwe dzimbiri lalekezera.

Chifukwa chake ndi ichi. Corolla ilibe chesisi yapayokha ngati ya Hilux kapena ya lole, pomwe bodi imangokhala pamwamba pa zitsulo ziwiri zikuluzikulu. Pa Corolla bodi yomweyo ndiyo chesisi. Chitsulo chomwe chabookacho, chimene amakaniko amati sill, ndi bokosi lalitali lochokera kuseri kwa tayala lakutsogolo kukafika patsogolo pa tayala lakumbuyo, ndipo ndicho chimagwira galimoto kuti isapindike pakati. Bokosili lili ndi khoma lakunja lomwe mumaliona ndi khoma lam'kati lolumikizana ndi pansi pa galimoto, ndipo poikira jeke amalimbitsapo ndi chitsulo china chowonjezera. Mzati wapakati pa zitseko ziwiri umaima pa bokosi lomweli, ndipo bawuti yapansi ya lamba wa dalaivala imamangidwa chapafupi pomwepo. Jeke ikalowa, ndiye kuti ngakhale chitsulo cholimbitsa chija chadyeka. Galimoto ina ikakugundani m'mbali, bokosi lowola limangophwanyika, ndipo lamba akhoza kuzuka pamodzi ndi chitsulo chake.

Dzimbiri la m'malo oterewa limayambira m'kati n'kumatulukira kunja. Pansi pa sill pali timabowo totulutsira madzi. Fumbi la m'chilimwe likalowa, kenako mvula n'kubwera, timabowoti timatsekeka ndi matope, ndipo matopewo amasunga chinyezi miyezi yambiri ngakhale kunja kutauma. Mchere umafulumizitsa dzimbiri. Kuno kwathu sitithira mchere m'misewu ndipo nyanja yathu si yamchere, koma galimoto zambiri zimabwera dzimbiri litayamba kale: kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, komanso ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yozizira kuti madzi asaundane. Ndiye bowo la zala zitatu lomwe mukulionalo ndi kamsonga chabe. Kawirikawiri kuseri kwake kumakhala kutawola malo aakulu kuposa pamenepo.

Musanalankhule za mtengo ndi aliyense, pimani galimoto yonse. Itsukeni kunsi ndi madzi amphamvu, iume tsiku limodzi, kenako ipite pa dzenje la ku galaja. Ngati dzenje palibe, ikhazikeni pa masitandi achitsulo oikidwa pansi pa zitsulo zolimba zonyamula injini ndi miyendo (zitsulo zolumikiza matayala ku bodi), osati pa sill, osatinso pa njerwa. Musalowe kunsi kwa galimoto yomwe yangokhala pa jeke. Tengani tochi, kahamala kakang'ono, sikuludiraiva yobuntha, bulashi ya waya, maginito ndi choko. Gogodani pang'onopang'ono: chitsulo chabwino chimalira ngwe, chowola chimamveka phu ngati katoni ndipo chimayoyoka. Pomwe mwakayikira dinikizani ndi sikuludiraiva. Dzimbiri lapamwamba, lomwe likapalidwa pansi pake pamaoneka chitsulo chowala chosapindika, si vuto lalikulu. Chomwe chikubonyoka, kubooka kapena kugawikana ngati masamba a buku chatha ntchito. Maginito akakana kumata pamalo popentedwa bwino, dziwani kuti wina anamatapo kale fila. Paliponse poipa zungulizani ndi choko.

Musathere pa sill yobookayo. Onani ya mbali inayo, chifukwa zonse zinamwa madzi amodzi. Chotsani mipando ndi kapeti muone pansi, makamaka m'makona momwe pansi pamakumana ndi sill. Tsegulani boneti muone pamwamba pomwe mashoko amamangidwa, ndi pansi pa batire pomwe asidi amadontha. Kumbuyo onani pomwe mashoko amamangidwa, malo a tayala la sipeya, ndi pomwe mikono ya miyendo yakumbuyo imagwira bodi. Tsatiraninso mapaipi a mabuleki ndi a petulo omwe amadutsa kunsi. Paipi ya mabuleki yodyeka sakonza, amasintha yonse, ndipo imeneyi ndi yoyamba kuisamalira chifukwa imaphulika nthawi yomwe mwaponda mwamphamvu.

Pali muyezo wothandiza womwe opima galimoto ku Britain amagwiritsa ntchito pa MOT, kupima koona ngati galimoto ikuyenera kuyenda pamsewu: dzimbiri lomwe lafooketsa chitsulo pa mtunda wosapitirira masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa lamba, miyendo, chiwongolero kapena mabuleki limalepheretsa galimoto. Utengeni muyezo womwewo. Musadalire kuti poti COF, chiphaso chakuti galimoto ikuyenera kuyenda pamsewu, inatuluka ndiye kuti zonse zili bwino, chifukwa fila ndi penti yakuda zimabisa zambiri kwa munthu wongoyang'ana ndi maso.

Mukamaliza, choko chija chikuuzani chochita. Ngati chawola ndi sill imodzi kapena zonse ziwiri, mwina ndi kachigawo ka pansi, pomwe pomangira mashoko ndi mikono ya miyendo pali polimba, konzani. Corolla ya injini yabwino ndi yoyenera ntchitoyi. Chitsulo chonyamula injini kapena miyendo chomwe chimamasuka ndi mabawuti sichovuta, mumagula china chabwino kwa ophwasula galimoto n'kusintha. Koma mukapeza kuti dzimbiri lagwira ma sill onse, lakwera m'munsi mwa mizati, ladya pomangira mashoko ndi zitsulo zazitali zakunsi, kapena zitseko zayamba kale kukhula potseka pomwe mahinji ali bwino, bodiyo yayamba kupindika. Pamenepo chanzeru n'kufuna bodi ina yabwino musamutsiremo injini ndi giyabokosi. Kuipenta kuti muigulitse kwa munthu wosadziwa ndi kuika banja la mnzanu pa ngozi, chonde musatero.

Tsopano za chigamba cha pamwamba chija. Chili ndi zoipa zitatu. Chimawotchereredwa pa chitsulo chopyapyala chodyeka, ndiye ngakhale mzere wake uoneke bwino, wagwira pa chinthu chopanda mphamvu. Pakati pa chigamba ndi chitsulo chakale pamatsala mpata wosunga madzi, ndipo dzimbiri limathamanga kuposa kale. Chachitatu, khoma lam'kati ndi cholimbitsa chija, zomwe ndizo zimanyamula katundu, zimatsala zowola momwemo. Fila ntchito yake ndi kusalaza pamwamba basi, sanyamula kanthu. N'chimodzimodzi faibagalasi, ma rivet, ndi mankhwala osandutsa dzimbiri kukhala lakuda: mankhwalawa amathandiza pa dzimbiri lapamwamba, koma sabwezera chitsulo chomwe chadyeka.

Kukonza koyenera kumayamba ndi kuteteza galimoto ku moto. Achotse waya wa negetivi ku batire. Kapeti, mipando, lamba ndi mawaya omwe amadutsa m'mbali mwa sill zichoke, mapaipi a petulo asunthidwe kapena atchingidwe ndi chitsulo. Phula lakunsi lipalidwe kuzungulira malo onse, chifukwa limayaka msanga. Pakhale chozimitsira moto ndi munthu wachiwiri woyang'ana m'kati nthawi yonse yowotcherera. Magalasi aphimbidwe, poti nthethe za gulayinda zimamatirira pa galasi osachokanso.

Chomwe ambiri amadumpha ndi kugwiriziza bodi asanadule. Mukachotsa mbali yaikulu ya sill, galimoto imafuna kugwa pakati. Ikhazikidwe mofanana pa masitandi anayi, ayeze mipata ya zitseko ndi kulemba, ndipo ngati akudula mpaka khoma lam'kati, awotcherere chubu chachitsulo cha makona anayi, cha mamilimita 25, chopingasa pakhomo kuchokera mzati wakutsogolo kufika wapakati. Zitseko zikhale pomwepo kuti aziyesa kutseka ntchito ili m'kati. Mbali imodzi ithe kaye asanayambe inayo.

Kenako adule khoma lakunja kuti m'kati muoneke. Pomwe fakitale inalumikiza ndi timadontho, aboole timadonthoto ndi dirilo ya mamilimita 8 m'malo mong'amba ndi tchizulo. Chowola chonse chichoke, ndipo apitirire masentimita awiri kapena atatu kulowa m'chitsulo chowala chomwe chili ndi kuchindikala kwake koyamba. Apa m'pomwe mwini galimoto amachita mantha, poti bowo la zala zitatu limasanduka la theka la mita. Musamuletse, akasiya chodyeka ndiye kuti mudzabweranso chaka chamawa.

Chitsulo chatsopano chifanane ndi chakale kuchindikala. Ayeze pamalo abwino: khoma lakunja limakhala pafupifupi milimita imodzi, zolimbitsa zimachindikala kuposa apo, mamilimita 1.5 kapena 2. Malata ofolerera nyumba ayi, ndi opyapyala kwambiri, ndiponso utsi wa zinki yake umadwalitsa wowotcherera. Chitsulo chochindikala mopitirira nachonso si chabwino: chimavuta kulumikiza ndi chopyapyala, ndipo mphamvu yonse imakathera pa mzere wolumikizira mpaka kung'ambika. Chabwino koposa ndi sill yodulidwa ku Corolla ina yomwe inagundidwa kwina koma pansi pali bwino, chifukwa mapindidwe ake ndi omwewo. Ikasowa, ajambule pa katoni, adule pa chitsulo chatsopano, apinde motsatira chakale. Mapindidwewo si okongoletsa, ndiwo amapatsa bokosi mphamvu.

Funsani makina omwe adzagwiritse ntchito. Oyenera ndi a MIG, a waya wa mamilimita 0.6 kapena 0.8 ndi gasi wa CO2 kapena wosakaniza ndi argon. Makina a ndodo, omwe amawotcherera mageti ndi mawindo, amaboola chitsulo cha milimita imodzi, ndipo wowotcherera amangodonthezapo timibulu tosagwirana. Gasi wa okosijeni ndi asetilini m'manja mwa katswiri amatha kulumikiza chitsulo chofewa cha galimoto zakale, koma amatenthetsa malo aakulu, kupinda chitsulo ndi kuwotcha penti yam'kati, choncho ndi wachiwiri kwa MIG. Kumata ndi ndodo yachikasu ya brass pa malo onyamula katundu musavomere. Musanamupatse galimoto, mupempheni alumikize tizidutswa tiwiri ta chitsulo chomwecho, mutimange pa vaisi n'kutikanula ndi tchizulo. Chitsulo chikang'ambika pambali, mzere n'kutsala, munthuyo amadziwa ntchito. Mzere ukangomatuka, funani wina.

Amange kuchokera m'kati: khoma lam'kati ndi pansi poyamba, cholimbitsa cha jeke, khoma lakunja pomaliza. Chigamba chilowe ndendende m'malo modulidwamo, milomo kukumana, ndi kampata kosaposa milimita imodzi. Agwirize ndi timadontho motalikirana masentimita atatu, ayese chitseko, kenako adzaze mipatayo pang'onopang'ono modumphadumpha, kulola chitsulo kuzizira, mpaka mzere ukhale wathunthu wopanda podukiza. Kuseri kwake kuoneke kuti moto unalowa. M'milomo momwe munali timadontho ta fakitale, aboole mabowo a mamilimita 6 mpaka 8 pa chitsulo chapamwamba, motalikirana monga zinalili poyamba, apane zitsulo ziwirizo zigundane, n'kudzaza bowo lililonse kuyambira pakati. Pankhope zomwe zikukagundana apakepo pulaimala ya zinki yolola kuwotcherera. Posalaza ndi gulayinda asapale mpaka kupyapyalitsa mzere. M'malo osaoneka ausiye momwemo. Jambulani zithunzi pa foni khoma lakunja lisanatsekedwe, ndi umboni wokhawo wa zomwe zili m'kati.

Chitsulo chowotchereredwa chimachita dzimbiri msanga kwambiri, choncho chitetezedwe tsiku lomwelo. Apukute mafuta, apake pulaimala ya epoxy, amate seam sealer (phala lotseka mipata kuti madzi asalowe) m'mizere yonse, kenako penti ndi phula lakunsi. Phula lipakidwe pa chitsulo chopentedwa chokha. Likapakidwa pa dzimbiri limauma, kung'aluka ndi kusunga madzi kuseri. M'kati mwa bokosi, momwe moto wawotcha penti ndipo bulashi singafike, apopere cavity wax (mankhwala onga sera oteteza ku dzimbiri) ndi kapaipi kolowetsa pa mabowo, galimoto itauma komanso kunja kukutentha kuti alowerere m'milomo. Izi zichitike kuwotcherera ndi kupenta kutatha, chifukwa amayaka. Oilo wakale wa injini yemwe ena amathira amayenderera n'kutha, ndipo amafewetsa mphira. Timabowo totulutsira madzi tibooledwenso pa sill yatsopano ndipo tisatsekedwe ndi phula.

Sill imodzi yokonzedwa motere imatenga masiku awiri kapena atatu, osati tsiku limodzi. Gwirizanani mtengo khoma lakunja litatsegulidwa, nonse mukuona m'kati. Pakadali pano musaikenso jeke mbali imeneyo, musanyamule katundu wolemera, ndipo ngati dzimbiri lafika pa bawuti ya lamba kapena pa paipi ya mabuleki, galimotoyo ipite ku galaja mochita kukokedwa. Ikadzatuluka, mvula ikamatha chaka chilichonse muzitsuka matope kunsi ndi kuseri kwa matayala, ndi kutokosa timabowo tija ndi kawaya.