Dalaivala anali pafoni pamene anagunda amuna anga: kodi tisaine pepala la mwini minibasi?

Mayi,

Kalata yanu ndaiwerenga mosamala, ndipo pepani kwambiri ndi ngozi imene yagwera banja lanu. Mwalemba kuti amuna anu, amene amachita kabaza wa njinga yakapalasa pa Ngabu, anagundidwa chakumbuyo ndi minibasi yochokera ku Blantyre kupita ku Nsanje miyezi inayi yapitayo, pamsewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Anathyoka fupa la ntchafu, anakagonekedwa ku chipatala cha Queens ku Blantyre, ndipo mpaka lero akuyendera ndodo. Anthu awiri amene anakwera minibasiyo anakuuzani kuti dalaivala maso ake anali pafoni. Tsopano mwini galimoto watuma munthu ndi K400,000 komanso lonjezo la njinga yatsopano, koma akuti mulandira zimenezi pokhapokha mutasaina pepala lothetsa nkhani pamaso pa amfumu ndi kukatseketsa mlandu kupolisi. Mukufunsa ngati kutero kuli bwino.

Pepalalo musasaine, ndipo amuna anu asadindepo chala, kufikira loya ataliwerenga. Ndikudziwa kuti pakhomo pamene wopezera banja chakudya wagona miyezi inayi, K400,000 si ndalama yoikana mopepuka, ndipo sindikukuweruzani chifukwa choiganizira. Koma pa ngozi imodziyi pali milandu iwiri yosiyana, ndipo mwini minibasi akufuna kutseka yonse iwiri ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene malamulo angapatse amuna anu.

Mlandu woyamba ndi wa boma. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la 1997 limati kuyendetsa galimoto mosasamala, kapena mosalabadira ena ogwiritsa ntchito msewu, ndi mlandu, ndipo kugwiritsa ntchito foni ya m'manja uku ukuyendetsa n'koletsedwa. Amene amaimba dalaivala mlandu umenewu ndi boma kudzera kwa apolisi, kubwalo la majisitireti, ndipo akapezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa, kumangidwa, kapena kuletsedwa kuyendetsa galimoto kwa nthawi. Amuna anu pamlandu umenewu ndi mboni chabe. Wodandaula akhoza kupempha kuti mlandu uthe, koma mawu omaliza amakhala a woimira boma ndi bwalo. Choncho mukalandira ndalama molonjeza kuti mutseketsa mlandu, ndiye kuti mwalonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanu, ndipo mawa mwini minibasi yemweyo adzabwera kudzanena kuti munamudyera ndalama.

Ndiimepo pang'ono pa nkhani ya foniyi, chifukwa madalaivala ambiri amaiona ngati yaing'ono. Galimoto imene ikuthamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akatsitsa maso masekondi atatu okha kuti awerenge uthenga, galimotoyo imakhala itayenda mamita oposa 60 popanda woiyang'anira. Aliyense amene amadziwa msewu wa m'chigwa muno akudziwa zimene zimapezeka m'mamita 60 amenewo. Galimoto ikangotsika mapiri a Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, msewu umakhala wosalala ndi wowongoka, dalaivala amamasuka mtima n'kuponda moto, koma pa Dyeratu, pa Bereu, pa Nchalo, pa Ngabu mpaka pa Bangula phula lomwelo ndi la njinga zonyamula matumba, ngolo za ng'ombe, mbuzi, ana asukulu ndi amayi osenza mitolo. Lamulo limafuna kuti woyendetsa galimoto aziyang'ana kutsogolo nthawi zonse, aziyenda paliwiro loti atha kuima akaona chopinga, ndipo azipereka mpata wokwanira podutsa wanjinga. Munthu amene wagunda njinga chakumbuyo masana, pamsewu wowongoka, amakhala ndi ntchito yaikulu yofotokozera bwalo chifukwa chimene sanaionere. Ngakhale umboni wa foni utapanda kupezeka, mlandu wa amuna anu ukhoza kuima ndithu. Umboni wa foni umangoulimbitsa.

Pa chifukwa chimenechi, anthu awiri aja ndi ofunika kuposa chilichonse chimene muli nacho panopa. Okwera minibasi amabalalika, wina wa ku Marka, wina wa ku Makhanga, ndipo pakatha chaka manambala awo amakhala atasintha. Apezeni msanga, lembani maina awo onse, midzi yawo ndi mafumu awo, ndipo apempheni kuti akapereke umboni wawo kwa apolisi apamsewu amene akufufuza ngoziyi ngati sanatero kale. Anene zimene anaona ndi maso awo basi, osawonjezera zimene anamva kwa ena, pakuti mboni yokometsera imagwa msanga ikafunsidwa ndi loya wa mbali ina. Uzaninso wapolisi wofufuzayo za foniyo momveka bwino, chifukwa apolisi akatenga chilolezo cha bwalo atha kupeza kukampani ya mafoni kaundula wosonyeza ngati nambala ya dalaivala inali pantchito panthawi ya ngozi.

Mlandu wachiwiri ndi wa chipukuta misozi, ndipo umenewu ndi wa amuna anu. Ndanena kuti wa amuna anu chifukwa iwo ndiwo anavulala, ali moyo ndipo ndi munthu wamkulu, choncho ndiwo ayenera kusuma kapena kuvomera mgwirizano uliwonse. Inu, achimwene awo kapena amalume awo mulibe mphamvu yowathetsera nkhaniyi. Mlandu umenewu sudikira kuti wa boma uthe, ndipo ngakhale dalaivala atamasulidwa kubwalo la majisitireti, amuna anu akhoza kupambanabe, chifukwa pamlandu wa chipukuta misozi bwalo limangofuna kuona mbali imene umboni wake ukulemera kuposa inzake.

Oyenera kuyankha alipo atatu. Pali dalaivala amene analakwitsa, pali mwini minibasi amene amayankha pa zolakwa za wantchito wake zochitika ali pantchito, ndiye pali kampani ya inshuwalansi. Minibasi iliyonse yoyenda pamsewu m'Malawi imakakamizidwa ndi lamulo kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha, ndipo gawo 148 la lamulo la Road Traffic Act lija limalola wovulalayo kusumira kampaniyo mwachindunji. Apa m'pamene pepala la mwini minibasi likundidetsa nkhawa. Ngati galimoto yake inali ndi inshuwalansi, gawo lalikulu la ndalama silituluka m'thumba mwake, ndiye changu chofuna siginecha yanu chikuchokera kuti? Mwina inshuwalansi inali itatha, umene ndi mlandu wina pawokha, mwina dalaivala analibe laisensi yoyenera, mwinanso akungofuna kuti galimoto yake isatchulidwe kubwalo. Lipoti la apolisi ndilo lidzakuuzani dzina la kampani ndi nambala ya inshuwalansiyo. Dziwaninso kuti inshuwalansi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene imalipira, ndipo bwalo likagamula zoposa malirewo, zotsalazo amalipira ndi mwini galimoto ndi dalaivala. N'chifukwa chake maloya amasumira onse atatu pamodzi.

Mabwalo athu amapereka chipukuta misozi pa ululu ndi kuzunzika kumene munthu wadutsamo, pa zinthu zimene ankachita mwaufulu koma tsopano sangathe, pa zipsera kapena kupunduka kwa thupi, ndiponso pa ndalama zimene wataya ndi zimene adzalephere kupeza m'tsogolo. Kwa munthu wa kabaza mfundo yomalizayi ndi yolemera, chifukwa mwendo ndiwo chida chake cha ntchito, ndipo ngati dokotala atalemba kuti sudzapindikanso monga kale, bwalo limayang'ana zaka za munthuyo ndi nthawi imene akanagwirabe ntchito. Musataye mtima poganiza kuti amuna anu alibe pepala la malipiro. Wapampando wa siteji yawo ndi anzawo a kabaza atha kuchitira umboni za ndalama zimene ankapeza patsiku, ndipo pamene umboni wotere wasowa, mabwalo kawirikawiri amagwiritsa ntchito malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa. Ndalama zimene mwawononga kale, monga zamayendedwe opita ku Blantyre, zamankhwala, za ndodo, zolipirira malipoti ndi mtengo wa njinga, zimabwezedwa pokhapokha zitatchulidwa m'madandaulo ndi kutsimikizidwa. Sungani lisiti lililonse, ndipo pamene sanakupatseni lisiti, lembani m'kope tsiku, ndalama ndi chimene munalipirira. Njinga yophwanyikayo musaigulitse kwa ogula zitsulo, popeza malo amene inapindikira akusonyeza mbali imene galimoto inachokera.

Ndikuuzeni zoona za mbali inayo. Kampani ya inshuwalansi idzayesa kunena kuti amuna anu nawonso analakwa, kuti ankapalasa pakati pa msewu, kuti anakhota mwadzidzidzi, kapena kuti katundu anapingasa. Bwalo likapeza kuti n'zoona, chipukuta misozi chimachepetsedwa molingana ndi gawo la kulakwa kwawo, koma sichithetsedwa chonse. Amuna anu afotokozere loya wawo zonse monga zinachitikira, ngakhale zimene akuona kuti sizikuwakomera, chifukwa loya amene wadzidzimutsidwa kubwalo sangawateteze bwino.

Mapepala ofunika kwambiri ndi awiri. Loyamba ndi lipoti la ngozi lochokera kupolisi imene inalandira nkhaniyi, limene limalipiridwa ndipo muyenera kulandira lisiti la boma. Lachiwiri ndi lipoti la chipatala lofotokoza kuvulala, chithandizo chimene analandira ndi mlingo wa kulumala kumene kwatsala. Lipoti limeneli lisalembedwe mothamanga fupa lisanagwirane, chifukwa dokotala sangadziwe bwino chimene chidzatsale mpaka kuchira kutafika poonekera. Kabuku ka kuchipatala ndi zithunzi za mafupa zisungidwe pamalo ouma, ndipo inu a m'chigwa mukudziwa zimene madzi osefukira amachita ndi mapepala, choncho jambulani tsamba lililonse pafoni n'kutumizako kwa wachibale wodalirika.

Loya akalandira mapepalawa amalembera kalata kampani ya inshuwalansi ndi mwini galimoto yofuna malipiro. Milandu yambiri imathera pokambirana pamenepa. Zikakanika, amakatula samani kubwalo, ndipo kuvulala kwakukulu ngati kumeneku nthawi zambiri kumapita ku bwalo lalikulu ku Blantyre, popeza mabwalo a majisitireti ali ndi malire a ndalama zimene angagamule. Malinga ndi malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017, woweruza amayamba wakhazika pansi mbali zonse kuti ayese kuziyanjanitsa, ndipo zikalephereka m'pamene mlandu umazengedwa. Osumiridwa akapezeka olakwa, kapena akavomera okha, pamakhala tsiku lina lowerengera kuchuluka kwa ndalama, ndipo amuna anu adzayenera kukaonekera kuti afotokoze mmene akukhalira. Zimatenga miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, ndipo sindikufuna kukulonjezani changu.

Nthawi ili ndi malire, ndipo apa ndikupemphani kuti musazengereze. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi kuti munthu wovulala asume, koma ufulu wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji umatha pakapita zaka ziwiri. Miyezi inayi yapita kale. Malonjezo apakamwa akuti "tikuthandizani, dikirani" saimitsa masiku amenewa.

Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu osowa, limene lili ndi ofesi ku Blantyre. Mukasankha loya woima payekha, gwirizanani za malipiro ake polemba ntchito isanayambe, ndipo funsani kuti muziona kalata iliyonse yochokera ku inshuwalansi yonena za ndalama. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'zipatala n'kumatenga mapepala a odwala, akumati akudziwa loya wachangu. Kumanani ndi loyayo maso ndi maso muofesi yake, ndipo ngati mukukayika, bungwe la Malawi Law Society likhoza kukuuzani ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Madandaulo okhudza kampani ya inshuwalansi imene ikuzemba amapita kwa woyang'anira mabungwe azachuma ku Reserve Bank of Malawi.

Tsono za munthu wotumidwa uja. Mwini minibasi akafuna kuthandiza banja lanu, palibe lamulo lomuletsa, ndipo inu mukhoza kulandira, malinga ngati chimene chalembedwa n'chakuti ndalamayo ndi thandizo la kuchipatala ndi chakudya, loti lidzachotsedwe pa chipukuta misozi chikadzagamulidwa. Chimene muyenera kukana ndi mawu alionse onena kuti nkhani yatha kapena kuti simudzafunanso kanthu, ndipo mukaona mawu a Chingerezi akuti "full and final settlement" dziwani kuti tanthauzo lake ndi lomwelo. Amfumu apatseni ulemu wawo wonse, pakuti kuyanjanitsa anthu ndi udindo wawo, koma afotokozereni modzichepetsa kuti nkhaniyi ili kale m'manja mwa apolisi ndipo ikukhudza inshuwalansi, kotero simungathe kuithetsa pabwalo la m'mudzi. Pemphani kuti pepalalo akusiyireni kapena mulijambule, ndipo pobwera kudzaonana ndi loya mulitenge pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, nambala ya minibasi, maina a mboni ziwiri zija ndi chiphaso cha unzika cha amuna anu.