Yankho kwa mayi amene akufuna kukaona ntchito ya ubweya wa nkhosa ku Wales

Mayi, ndawerenga funso lanu lija. Mwanena kuti mumakhala ku Birmingham, kuti mwakhala mukuluka majuzi ndi zipewa kuyambira muli kumudzi, ndipo kuti masiku asanu a tchuthi amene mwapatsidwa mukufuna kukawathera ku Wales, kukaona mmene anthu akumeneko amagwirira ntchito ya ubweya wa nkhosa. Mwafunsa kumene mungayambire, nyengo imene mungapite, komanso ngati mungakapeze ulusi weniweni wochokera ku nkhosa za kumeneko. Ine ndimakhala ku Cardiff ndipo ndimalukanso, choncho ndiyankha monga munthu amene wayendako maulendo angapo.

Choyamba chimene ndikufuna muchidziwe musanagule tikiti n'chakuti luso limene Wales amadziwika nalo kwambiri ndi loomba nsalu pa makina, makamaka mabulangete ndi nsalu yofunda yotchedwa flannel, osati loluka ndi singano ngati mmene timachitira ife. Kuluka kunaliko ndithu, ndipo tauni ya Bala inatchuka kalekale chifukwa cha masokosi amene amayi ndi abambo omwe ankaluka madzulo atasonkhana m'nyumba imodzi, koma zimene mungakaone zikuchitikabe lero ndi mafakitale ang'onoang'ono a m'mphepete mwa mitsinje. Mukapita ndi maganizo ongokagula ulusi, mudzabwera mutakhumudwa pang'ono. Mukapita kuti mukamvetse njira yonse imene ubweya umayenda kuchokera pamsana pa nkhosa mpaka pabedi, masiku asanuwo adzakuchepelani.

Chachiwiri ndi kayendedwe. Dziko la Wales limaoneka laling'ono pamapu, koma pakati pake pali mapiri, ndipo njanji yolumikiza Aberystwyth ndi Carmarthen inasiya kunyamula anthu mu 1965, moti munthu wofuna kuchoka kumpoto kupita kum'mwera pa sitima amadutsira ku Shrewsbury, m'dziko la England. Pa chifukwa chimenechi musayese kuzungulira dziko lonse. Langizo langa n'lakuti mutenge chigawo chapakati ndi chakumadzulo, kumpoto mudzapiteko ulendo wina.

Popeza mukuchokera ku Birmingham, yambirani ku Newtown. Sitima yopita ku Aberystwyth imaima pamenepo, ndipo ulendowo ndi wa maola pafupifupi awiri. Newtown inali likulu la nsalu ya flannel kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo Newtown Textile Museum ili m'nyumba za m'ma 1830 zimene mabanja a oomba nsalu ankagona pansi, pamene makina oombera pamanja anali m'zipinda zam'mwamba zokhala ndi mawindo akuluakulu olowetsa kuwala. Malowa amayendetsedwa ndi anthu odzipereka ndipo amatsegulidwa m'miyezi yotentha yokha, masiku ena a sabata, choncho muone kaye masikuwo pa intaneti. Mukangotsika sitima mudzaonanso chinyumba chachitali cha njerwa zofiira, Royal Welsh Warehouse, chimene Pryce Pryce-Jones anatsegula mu 1879. Munthu ameneyu ndi mmodzi mwa oyamba kugulitsa katundu kudzera pa positi: wogula ankasankha nsalu m'kabuku, n'kulemba kalata, katunduyo n'kumupeza pa sitima.

Pali mbali ina ya mbiri ya chigawo chimenechi imene ife anthu a ku Africa sitiyenera kuidumpha. M'zaka za m'ma 1700, mabanja osauka a m'maboma a Montgomeryshire ndi Merioneth ankaomba nsalu yokhakhala yotchedwa Welsh plains, imene amalonda a ku Shrewsbury, kenaka a ku Liverpool, ankaigula motchipa. Gawo lalikulu la nsaluyo linkawoloka nyanja kukavekedwa akapolo ochokera ku Africa m'minda ya ku Caribbean ndi ku America. Nditamva zimenezi koyamba mtima wanga unalemera, chifukwa ndinali nditazolowera kuganiza za ubweya wa ku Wales ngati chinthu cha pakhomo chabe. Oombawo anali amphawi amene ankalipidwa zochepa, koma ndalama zochepazo zinkachokera ku ukapolo wa anthu ena, ndipo ndi bwino munthu kuyenda m'zipinda zimenezo akudziwa zonse ziwiri.

Malo amene ndikukupemphani kuti muwapatse tsiku lathunthu ndi National Wool Museum, m'mudzi wa Dre-fach Felindre ku Carmarthenshire, m'chigwa cha mtsinje wa Teifi. Kulowa ndi kwaulere. Nyumbayo inali fakitale yotchedwa Cambrian Mills, ndipo inasanduka malo osungiramo mbiri ya ntchitoyi mu 1976. Mudzi umenewu lero ndi wa zii, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 timitsinje take tinkayendetsa mafakitale ambirimbiri, chifukwa amuna ogwira ntchito m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a zitsulo kum'mwera kwa Wales ankavala malaya ndi zamkati za flannel, nsalu imene imamwa thukuta koma osamuzizira munthu. Nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, boma linkagula nsalu ndi mabulangete a asilikali, ndipo eni mafakitale analemera. Nkhondo itatha, katundu wotsala wa asilikali anagulitsidwa motchipa, migodi inalowa m'mavuto, ogula anachepa, ndipo mafakitale ambiri anatsekedwa, ena n'kupsa ndi moto osamangidwanso. Cambrian Mills nayo inapsa mu 1919, koma inamangidwanso, n'chifukwa chake ilipo mpaka lero.

M'katimo mudzatsatira ubweya mmene umayendera. Umayamba kusankhidwa ndi kuchapidwa, kenaka umalowa m'makina a mano achitsulo amene amaumasula, ndiye umapesedwa mpaka kukhala wofewa ngati thonje lopunthidwa, usanapotedwe kukhala ulusi. Makina opotera ndi amene anandigwira mtima kwambiri, pakuti ndi aatali kudzaza chipinda, ndipo mbali yake imodzi imayenda pa timagudumu, kutuluka ikukoka ulusi wambirimbiri nthawi imodzi, n'kubwerera ikuukulunga. Inu amene mumagwira ulusi tsiku ndi tsiku mudzaona pomwepo chifukwa chake ulusi wina umakhala wofutukuka ndi wopepuka pamene wina umakhala wosalala ndi wolimba. Funsani pakhomo nthawi imene amisiri adzayatse makina, chifukwa sayenda tsiku lonse.

Mudzamvanso mawu oti pandy, amene ali m'maina a malo ambiri monga Tonypandy. Pandy inali nyumba ya pamtsinje imene gudumu la madzi linkakweza ndi kugwetsa nyundo zazikulu zamtengo pa nsalu yonyowa, ngati mmene musi umagwera mumtondo, mpaka nsaluyo itafupika, kukhuthala ndi kusiya kulowa mphepo. Ntchito imeneyi ndi yakale kwambiri, ndipo kuweta nkhosa zambirimbiri kunayamba ndi amonke a gulu la Cistercian, monga a ku Strata Florida, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1164. Mawu ena amene ndimawakonda ndi gwlana, mwambo wa amayi osauka amene ankayenda m'mapiri kutola ubweya wokodwa pa minga ndi m'mipanda, monga mmene kwathu anthu amakunkhira m'munda mwini atakolola. Muyang'anenso shawelo yaikulu yotchedwa siôl magu, imene mayi ankadzikulunga nayo pamodzi ndi khanda kuti dzanja limodzi likhale lomasuka kugwira ntchito. Iwo ankanyamulira mwana kutsogolo chakumbali, ife timaberekera kumbuyo ndi chitenje, koma nditaiona ndinakumbukira amayi anga.

Kufika ku Dre-fach Felindre popanda galimoto n'kotheka koma kumafuna kukonzekera. Mabasi a TrawsCymru amachoka ku Aberystwyth kupita ku Carmarthen kapena ku Cardigan, ndipo basi ya pakati pa Carmarthen ndi Cardigan, yodzera ku Newcastle Emlyn, ndi imene imakufikitsani kufupi. Lamlungu mabasi akumidzi amakhala ochepa kwambiri, ena sayenda n'komwe. Ngati muli ndi chiphaso choyendetsera, kubwereka galimoto masiku awiri kudzakupulumutsani maola ambiri, ngakhale kuti misewu ina ndi yopapatiza, yokwana galimoto imodzi, yokhala ndi mipanda yamitengo mbali zonse.

Masiku otsalawo muwapereke ku Pembrokeshire. Melin Tregwynt, fakitale yoomba nsalu ya pafupi ndi Fishguard, inagulidwa ndi banja la Griffiths mu 1912 ndipo inakhala m'manja mwawo mpaka 2022, pamene umwini unaperekedwa kwa antchito ake. Kumeneko mudzaona bulangete limene a ku Wales amalitcha carthen, loombedwa mwa njira ya nsalu ziwiri: makina amaomba nsalu ziwiri nthawi imodzi, ina pamwamba ina pansi, ndipo zimasinthana malo potsatira maluwa a chithunzicho, moti mukalitembenuza mumapeza chithunzi chomwecho koma mitundu itasinthana. N'chifukwa chake limalemera ndi kukhalitsa, ndipo kale linali mphatso ya paukwati imene inkasiyiridwa ana ndi zidzukulu. Mtengo wake ndi wokwera, si zachilendo kupeza la pabedi likuposa mapaundi 200, koma pamakhala tinthu tating'ono ta nsalu yomweyo timene munthu angakwanitse. Solva Woollen Mill, imene inayamba mu 1907 kufupi ndi St Davids, imadziwika ndi makapeti oyala pansi ndi pa masitepe. Ili pafupi mokwanira kuti muone malo awiriwa tsiku limodzi.

Pano ndikuchenjezeni ndi zimene zinandichitikira. Ulendo wina ndinayenda maola atatu Loweruka kupita ku fakitale ina, ndipo ndinapeza sitolo ili yotsegula koma makina onse ali chete, chifukwa oomba amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu basi. Ikani mafakitale pakati pa sabata, ndipo imbani foni kutatsala tsiku limodzi.

Tsopano za ulusi. Ku Wales kuli nkhosa pafupifupi 9 miliyoni, pamene anthu angopitirira pang'ono 3 miliyoni, ndipo munthu angaganize kuti ulusi wa kumeneko uli ponseponse. Sizili choncho. Nkhosa zambiri ndi za mtundu wa Welsh Mountain, zimene zimawetedwa chifukwa cha nyama, ndipo popeza zimakhala m'mapiri a mvula ndi mphepo, ubweya wake ndi wokhakhala, wosakanikirana ndi tsitsi loyera lolimba limene siligwira utoto bwino. Ubweya wotere umapita kwambiri kopangira makapeti. Alimi ambiri amaugulitsa kudzera ku bungwe la British Wool, ndipo zaka zambiri zaposachedwapa ndalama imene amalandira yakhala ikuchepera pa imene amalipira ometa nkhosa. Zotsatira zake n'zakuti bulangete lolembedwa kuti linaombedwa ku Wales likhoza kukhala la ubweya wochokera kwina, chifukwa ogula a masiku ano amafuna chofewa. Chimenechi si chinyengo, koma ngati chimene mukufuna ndi ubweya wa nkhosa za ku Wales, funsani mosapita m'mbali kuti nkhosa zake ndi za mtundu wanji ndipo zinametedwa kuti. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amayankha mosangalala.

Pa zoluka zanu, fufuzani ulusi wa nkhosa za mtundu wa Llanwenog kapena wa Lleyn, umene ndi wofewerapo, komanso wa Welsh Mule umene a Cambrian Wool amagulitsa, woyenera juzi yovala pafupi ndi khungu. Wa Black Welsh Mountain ndi wakuda mwachibadwa, wosanyikidwa mu utoto, ndipo ine ndinalukira chipewa ndi juzi yapamwamba. Pakhosi umayabwa pang'ono, koma mphepo ya m'nyengo yozizira siulowa. Ngati manja anu anazolowera ulusi wa acrylic umene timagula m'misika ya kwathu, muyambe mwaluka kachidutswa kakang'ono, mukachape, mukayeze kakauma, chifukwa ubweya weniweni umasintha kukula ukalowa m'madzi.

Apa m'pamene nyengo ikubwera. Ngati tchuthi chanu chingasunthidwe, chiikeni chakumapeto kwa Epulo, pamene kumachitika Wonderwool Wales, chionetsero cha masiku awiri chimene chinayamba mu 2006 ndipo chimachitikira pabwalo la Royal Welsh Showground ku Llanelwedd, pafupi ndi Builth Wells. Kumeneko alimi ang'onoang'ono, opota ulusi ndi onyika utoto amakhala pamalo amodzi, nkhosa zina zili pomwepo m'makola, ndipo funso lija loti ubweya wachokera kuti mumalifunsa kwa mwini nkhosa. Vuto lake n'lakuti malo ogona amadzaza msanga, sitima zoima pa Builth Road ndi zochepa patsiku, ndipo nyumba ya ku Newtown ija ikhoza kukhala isanatsegulidwe. Ngati chimene mukulakalaka ndi kuona kumeta, nyengo yake ndi Juni ndi Julayi, ndipo mipikisano ya ometa imachitika pa Royal Welsh Show, pabwalo lomwelo, mu Julayi.

Mukadzafuna ulendo wachiwiri, kumpoto kuli Trefriw Woollen Mills m'chigwa cha Conwy, imene banja la Williams linagula mu 1859 ndipo makina ake amayendera magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Crafnant. Kuno ku Cardiff, ku St Fagans, malo osungiramo mbiri ya Wales, kuli fakitale yakale ya Esgair Moel ya m'ma 1760, imene inagumulidwa ku Powys n'kudzamangidwanso mwala ndi mwala, ndipo kulowa ndi kwaulere.

Zimene mudzagulezo muzizichapa m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osafikisa kapena kupotokola, n'kuziyanika chogoneka pathaulo. Ulusi umene simunaugwiritse ntchito muusunge m'thumba lotseka bwino, chifukwa njenjete za m'nyumba za kuno zimadya ubweya weniweni, makamaka umene udakali ndi mafuta a nkhosa. Ngati mudzabwerere kudzera ku Cardiff, ndilembereni uthenga kumbali, ndidzakuperekezani ku St Fagans.