Musachoke pa Moodle, ingosinthani kaikidwe ka maphunziro

Achemwali, mwati munaika manotsi a semesita yonse pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti ija, koma ophunzira sakulowamo, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungobwerera ku WhatsApp. Ine ndikuti dikirani kaye.

Zimenezi zinandichitikiranso mu 2020, mayunivesite atatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ndinakweza ma PDF onse tsiku limodzi. Nditaona malipoti a kosiyo, ambiri anali atalowa kamodzi kokha, n'kutsitsa zonse, osabweranso. Sanalakwe. Akanabwerera chiyani poti munalibe chatsopano?

Martin Dougiamas wa ku Australia, yemwe anatulutsa Moodle mu 2002, ankafuna kuti anthu aziphunzira pokambirana ndi kuchitira zinthu limodzi. N'chifukwa chake muli forum (bwalo lokambirana polemba), quiz ndi malo operekera assignment. Tikangoikamo manotsi okha, mbali yaikulu ya pulogalamuyo imangokhala.

Gawani kosiyo m'masabata, bisani masabata akutsogolo, muzitsegula imodzi Lolemba lililonse. Muikemo zowerenga zochepa, ka quiz ka mafunso 5 kodzichonga kokha, ndi funso limodzi pa forum. Kenaka muziyankha. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Wophunzira akalemba maganizo ake n'kupita masiku angapo mphunzitsi ali zii, salembanso. Ndinali ndi mtsikana wina yemwe m'kalasi ankakhala kumbuyo, osakwezako dzanja ngakhale kamodzi. Pa forum analemba ndime zitatu usiku, kutsutsa chitsanzo chomwe ndinapereka, ndipo ankanena zoona. Nditamuyankha m'mawa mwake n'kuvomereza, anzake ena anayamba kulowererapo. Kuyambira pamenepo zokambiranazo zinkayenda ngakhale ine ndisanalankhule.

Samalani ndi quiz yokhala ndi nthawi. Intaneti ikaduka, wotchi siima, imangowerengabe. Ine ndimaonjezera mphindi zingapo, kapena kulola kuyesa kawiri. Pa assignment, ngati munasankha kuti azidina batani lotumizira, auzeni momveka kuti kukweza fayilo pakokha sikukwanira, imatsala ngati draft. Ndaona ophunzira akugwetsa misozi pa zimenezi, ntchito anaimaliza nthawi yabwino koma siinatumizidwe.

Mavidiyo azikhala afupi ndipo mafayilo opepuka, chifukwa ambiri amawerengera pa foni. Auzeninso za app ya Moodle, imalola kutsitsa zowerenga n'kumaziona popanda intaneti.

WhatsApp musaitaye, ndi yabwino pokumbutsana kuti sabata yatsopano yatsegulidwa. Koma ntchito ndi malikisi zizikhala pa Moodle, pomwe tsiku ndi ola lomwe munthu anapereka zimalembedwa. Pagulu la WhatsApp fayilo imakwiririka ndi mauthenga, ndipo wina akadzadandaula za malikisi ake mulibe pogwira.

Ngati mungakonde, ndilembereni ku inbox, ndikuonetseni momwe ndinakonzera sabata yoyamba ya kosi yanga.