Chimfine cha mwana ndi mlandu umene amaupachika pa mayi

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo yaifupi. Mwana wake wa zaka 3 akumadwala chimfine pafupifupi mwezi uliwonse chiyambireni sukulu ya mkombaphala, ndipo apongozi ake akuti sakumudyetsa bwino. Funso lake linali lakuti: "Ndizimupatsa zakudya zanji kuti chimfinechi chisiye?"

Mayi mnzanga, imelo yanu ndaiwerenga katatu, ndipo chimene chandibaya mtima si chimfinecho ayi. Ndi mawu aja akuti simukumudyetsa bwino. Inenso anandiuzapo mawu omwewo, pagulu, mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka ziwiri ndi theka, mamina ali chuchuchu mpaka pamlomo. Wachibale wina wa bambo a kunyumba anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine, n'kufunsa moseka kuti, "Koma mwanayu mumamudyetsa?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma nditafika kunyumba ndinadzitsekera m'chipinda n'kulira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinapenga. M'mawa uliwonse ndinkafinyira mwana mandimu m'madzi, iye akukwinya nkhope, ine ndikumukakamiza kuti amalize. Ndinkasinja adyo n'kumubisira m'chakudya, mpaka anafika pomanunkhiza kaye mbale asanadye, tsiku lina n'kukaniratu kudya. Ine mwini ndinkameza adyo wosaphika ngati mapiritsi, moti bambo a kunyumba anayamba kugona atayang'ana kukhoma, osanena kanthu. Ndinagulanso mabotolo a vitamini C otafuna aja. Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo tsiku limene chimfine chayamba ndi limene chatha, ndipo chaka chimenecho ndinalembamo maulendo 9. Mandimu onse aja, adyo yense uja, misozi ya mwana m'mawa uliwonse, chimfine osamva.

Chimene palibe anandiuza nthawi imeneyo n'chakuti mwana wanga ankadwala monga mmene ana amsinkhu wake amadwalira. Mwana wamng'ono amadwala chimfine maulendo 6 mpaka 8 pa chaka, ndipo amene amatandala ndi ana anzake ambirimbiri amatha kupitirira pamenepo. Munthu wamkulu amadwala kawiri kapena katatu. Chifukwa chake n'chakuti chimfine si matenda amodzi. Mavairasi amene amachiyambitsa alipo mitundu yoposa 200, ndipo ambiri mwa iwo ndi a gulu lotchedwa rhinovirus. Thupi likalimbana ndi mtundu umodzi limaukumbukira, koma mawa pabwera wina umene silinakumanepo nawo. Ife akuluakulu tinakumana kale ndi yambiri. Mwana wa zaka 3 akuyamba kumene, ndipo wakhala m'chipinda chimodzi ndi anzake amene amayetsemulirana kumaso, kugwira mamina ndi manja, n'kulandirana zidole. Chimfine chilichonse chimatenga masiku 7 mpaka 10, chifuwa chake n'kutsalirako mwina milungu iwiri. Mukawerengetsa mupeza chifukwa chake zimaoneka ngati mwana sakuchira n'komwe, pamene kwenikweni akuchira n'kutenga china.

Nkhani ya vitamini C iyi ili ndi mwini wake. Mu 1970 wasayansi wa ku America, Linus Pauling, amene analandira mphoto ya Nobel kawiri, analemba buku lolimbikitsa anthu kumwa vitamini C wambiri kuti apewe chimfine. Poti anali munthu wotchuka, dziko lonse linamumvera. Akatswiri akhala akuyesa zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2013 a bungwe la Cochrane, lomwe limaunika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, anasonkhanitsa kafukufuku wa anthu oposa 11,000 n'kuona chimene chikutuluka. Kwa anthu wamba, kumwa vitamini C tsiku ndi tsiku sikuchepetsa kuchuluka kwa maulendo amene munthu amadwala. Kumangofupikitsa matendawo pang'ono, ndi 8 peresenti kwa akulu, 14 peresenti kwa ana. Kwa mwana ndiye kuti pa chimfine cha sabata mwachotsapo mwina tsiku limodzi. Kuyamba kumwa chimfine chitakugwirani kale, monga ambirife timachitira, sikunasonyeze phindu lodalirika. Amene anapindula kwenikweni anali othamanga mipikisano ya mitunda italiitali ndi asilikali ochita maphunziro kumalo ozizira kwambiri: kwa iwo kudwala kunatsika ndi theka. Kaya inu mumathamanga makilomita 42, koma ine ayi.

Sindikunena kuti zipatso n'zachabe. Thupi silisunga vitamini C wambiri, choncho limafuna pang'ono tsiku lililonse, mamiligalamu 75 kwa mayi ndi 90 kwa bambo, ndipo kwa mwana wamng'ono ndi ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Lalanje limodzi lili ndi pafupifupi 70. Gwafa amaposa lalanje kutalitali, tsabola wamkulu wofiira wosawawa uja nayenso amaposa. Mandimu amene ndinkazunza nawo mwana wanga si amene ali pamwamba n'komwe. Komanso vitamini ameneyu amawonongeka ndi moto, ndiye kuwiritsa mandimu m'poto kwa nthawi yaitali n'kungotsala ndi madzi owawasa. Mukamwa wopitirira muyeso, wotsalayo amatuluka ndi mkodzo, ndipo akachulukitsa amatsegula m'mimba.

Adyo ndiye anandipusitsa koposa. Pali kafukufuku mmodzi wa mu 2001 ku Britain, wa anthu 146 kwa milungu 12, amene anapeza kuti omwa mapiritsi a adyo anadwala chimfine maulendo 24 pamene anzawo anadwala maulendo 65. Manambala okoma kumva. Koma ndi kafukufuku mmodzi yekha, wa anthu ochepa, ndipo anali mapiritsi, osati adyo wa m'ndiwo. Thirani adyo m'chakudya chifukwa amakometsa, palibe cholakwika. Kumumezetsa mwana wosaphika ndi nkhanza chabe, ndipo ndikunena ine amene ndinachitapo.

Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa zimandinyansa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza anthu ogulitsa timabotolo ndi maufa amene amati "amakweza chitetezo cha m'thupi". Amadziwa bwino lomwe kuti kasitomala wosavuta kumugwira ndi mayi amene wauzidwa kuti akulephera kulera. Mayi wotere agula chilichonse. Chitetezo cha m'thupi si thanki yoti mukathiramo zambiri chikwera. Chikasowa zofunika, monga mapuloteni, ayironi, zinki, vitamini A kapena vitamini D, chimafookadi, ndipo mwana woperewera zakudya amadwaladi pafupipafupi ndiponso mwakayakaya. Koma chikapeza zokwanira, kuwonjezera sikuchipangitsa kukhala chachitsulo. Vitamini D ndi chitsanzo chabwino: kafukufuku wamkulu wa mu 2017 anapeza kuti amene anathandizika kwambiri ndi amene anali operewera kale vitaminiyo. Ndiye ngati mwana wanu akukula bwino, sikelo ikukwera, akusewera, akudya, amene akuti simukumudyetsa akulakwitsa. Ndikubwereza, akulakwitsa.

Ndinalakwanso pena. Ulendo wina ndinaumirira dokotala kuti alembere mwana maantibayotiki, iye atandiuza kale kuti ndi chimfine chabe. Ndinatuluka nditakwiya, ndikuti dokotalayo ndi waulesi. Iye ndiye ankanena zoona. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, mavairasi sawakhudza, ndipo kuwamwa pachabe kumangophunzitsa mabakiteriya kulimba, n'kudzakanika kumva mankhwala tsiku limene adzafunikedi. Munthu amamwa masiku asanu, n'kuchira, n'kumathokoza makapisozi, chikhalirecho akanachira ndithu pa masiku omwewo.

Ndisaiwale za mkaka. Ndinamuletsa mwana wanga mkaka miyezi ingapo poti ndinamva kuti umachulukitsa makhololo. Ku Australia anayesapo zimenezi mu 1990: anapatsira dala chimfine anthu 60, n'kumayeza kulemera kwa mamina awo (ntchito zina n'zofunika mtima ndithu), ndipo omwa mkaka sanatulutse ochuluka kuposa anzawo. Mkaka ukasakanikirana ndi malovu umangomveka wonanda pakhosi kwa kanthawi. Mwana wodwala amene akukana zonse koma akulola mkaka kapena yogati, mupatseni.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri sichikhudza m'mbale n'komwe. Mu 2015 akatswiri a ku America anayeza tulo ta anthu 164 kwa sabata, kenako n'kuwadonthezera vairasi ya chimfine m'mphuno. Amene ankagona maola osakwana 6 anali ndi mpata wodwala woposa kanayi poyerekeza ndi ogona maola opitirira 7. Ine chaka cha adyo chija ndinkagona maola anayi kapena asanu, usiku ndili pa foni kufufuza zakudya zoteteza chimfine.

Nanga m'khitchini muchitenji?

Asanadwale, chakudya cha masiku onse chikhale chosiyanasiyana: chipatso, masamba osapsetsa kwambiri, dzira, nyemba, nsomba kapena nyama pamene zapezeka. Zinki amapezeka mu nyama, nyemba ndi nthanga. Palibe chakudya chimodzi chimene chimatseka chitseko kuti chimfine chisalowe. Sopo ndi madzi m'manja zimatseka bwino kuposa chilichonse cha m'poto.

Akadwala, cholinga n'kumupeputsira mavuto thupi likugwira ntchito yake. Zakumwa zofunda pafupipafupi zimafewetsa mamina ndi kuziziritsa pakhosi. Msuzi wa nkhuku umathandiza pa chifukwa chomwecho, kuphatikizapo mchere ndi kanyama kosavuta kumeza. Dokotala wina wa ku Nebraska ku America, Stephen Rennard, anauyesapo mu 2000 n'kupeza kuti umachedwetsa kayendedwe ka maselo oyera a magazi amene amayambitsa kutupa, ngakhale anayesera mu labotale osati m'thupi la munthu. Uchi ndiwo ndimaudalira pa chifuwa cha usiku: theka la kasupuni ka tiyi kapena kasupuni kamodzi asanagone, wokha kapena m'madzi ofunda. Koma khanda losakwana chaka chimodzi musalipatse uchi ngakhale kadontho, chifukwa ungayambitse matenda oopsa ofoola minofu otchedwa botulism. Jinja pang'ono m'madzi otentha ndi wabwino kwa inu akuluakulu pakhosi pakamakanda. Akakana kudya masiku awiri oyamba musalimbane naye, bola azimwa ndi kukodza monga mwa masiku onse. Aspirin kwa mwana ayi.

Muthamangire kuchipatala ngati akupuma mofulumira kapena movutikira, nthiti zikulowa m'kati popuma, thupi latentha kupitirira masiku atatu, akulira khutu, wafooka moti sakumwa, chifuwa chadutsa milungu iwiri osasintha, kapena sikelo yake ikutsika. Khanda losakwana miyezi itatu likangotentha thupi, musadikire kuti kuche.

Za apongozi anu sindikuuzani kuti mukakangane nawo. Nawonso akuda nkhawa ndi mdzukulu wawo, kungoti nkhawayo yatulukira pa inu. Ulendo wotsatira wa kusikelo muwatenge, akaone okha mzere wa pakhadi ukukwera, akamvenso kwa namwino kuti ana amsinkhu umenewu amadwala kangati pa chaka. Mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwa munthu wovala yunifomu amalowa msanga kuposa akachokera kwa mkazi wa mwana wawo.

Mwana wanga uja pano ali ndi zaka 11. Chaka chatha anadwala chimfine kawiri. Malalanje amadya, magwafa amadya, koma akangomva fungo la adyo m'ndiwo amakankhira mbale kutali mpaka lero, ndipo ine ndimangokhala chete n'kumukazingira dzira.