Kirimu kapena grey pabalaza: yankho kwa mayi a ku Mchengautuwa

Mayi, mwafunsa kuti pabalaza panu mupake penti wa kirimu kapena grey wowala, ndipo mwati mawindo anayang'ana kummwera. Pakani kirimu.

Kuno kwathu, kuyambira Marichi mpaka Seputembala dzuwa limadzera chakumpoto, ndiye chipinda choyang'ana kummwera sichilandira dzuwa miyezi yonse yozizira. Onjezanipo nkhungu ndi mvula yowaza ya ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi. Grey m'chipinda chotero amazimirira, khoma limangooneka ngati pulasitala wosapaka, makamaka usiku mukayatsa mababu oyera a 6500K omwe adzaza m'mashopumu. Kirimu amabweza kuwala kochuluka, komanso fumbi lofiira ndi utsi wa mbaula sizionekera msanga. Vuto lake ndi limodzi: mukasankha wachikasu kwambiri n'kuikanso babu lowala mwachikasu la 3000K, chipinda chonse chimasanduka chachikasu. Tengani wopita koyera. Grey musungireni chipinda choyang'ana kumpoto.

Musakhulupirire kakhadi ka m'shopu. Gulani lita imodzi ya mtundu uliwonse, pakani kawiri malo okwana mita imodzi mbali zonse, pafupi ndi windo ndiponso pakona yamdima. Muone m'mawa, masana ndi usiku. Penti akauma amasinthako mtundu, choncho musaweruze ali wonyowa.

Chipinda cha mamita 4 kwa 4, chotalika mamita 2.7, chili ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 38 mukachotsa chitseko ndi mawindo. Lita imodzi ya PVA, penti wosungunula ndi madzi, imakwana masikweya mita 8 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kupaka kawiri ndi malita 10. Zitini ziwiri za malita 5 muzithire mu ndowa imodzi n'kutakasa, chifukwa nthawi zina zimasiyanako mtundu.

Koma chomwe chimaononga makoma kuno ndi chinyezi, osati mtundu. Pulasitala watsopano adikire masiku 28, nyengo yamvula kuposa apo, kenako ayambe ndi plaster primer, penti woyamba kupaka pa pulasitala. Mukafulumira penti amatukusira n'kuyamba kusupuka. Pamene pachita chuku tsukani ndi Jik, kapu imodzi ku makapu anayi a madzi, paume kaye. Ndipo muziyang'anira mmisiri wanu: ena amathira madzi mpaka penti kukhala ngati phala la mwana, kuti chitini chitsale. Mukapitirira muyeso wa madzi wolembedwa pachitinipo, khoma lidzakhala la mawangamawanga ngakhale mupake katatu. Ngati muli ndi ana, onjezani ndalama mugule wotheka kutsuka, chifukwa PVA wotchipa amachoka ndi nsanza yonyowa.