Yambani ndi On the Beach

Mwafunsa kuti pa mafilimu akale okamba za nkhondo ya mabomba a nyukiliya, ndi iti imene imaonetsa bwino mmene anthu angakhalire atadziwa kuti mtundu wa anthu ukutha, popeza filimu ya Dr. Strangelove inakuseketsani m'malo mokuopsani. Kuseketsako Stanley Kubrick anachita dala mu 1964, chifukwa ankanyogodola akuluakulu a nkhondo, ndipo anthu wamba mulibemo kwenikweni. Ine ndikanakulangizani kuti mufunefune On the Beach ya mu 1959, imene Stanley Kramer anaijambula potengera buku la Nevil Shute.

Mufilimuyi simuona bomba likuphulika. Nkhondo inatha kale, maiko akumpoto onse anafafanizika, ndipo anthu a ku Melbourne, m'dziko la Australia, akungodikira miyezi yochepa kuti mpweya wapoizoni uwapeze. Chimene chimandikhudza n'chakuti palibe amene akuchita chipolowe: anthu akupitabe kuntchito, ena akuwedza nsomba, wina akuchita mpikisano wa magalimoto, kwinaku boma likugawa mapiritsi oti munthu adzamwe matenda akadzayamba. Anthony Perkins akusewera ngati msilikali wachinyamata amene akuvutika kufotokozera mkazi wake kuti mankhwalawo adzayenera kupatsanso mwana wawo wakhanda, ndipo mkaziyo sakufuna n'komwe kumva.

Gawo limene silichoka m'mutu ndi la sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, yotsogozedwa ndi kaputeni amene Gregory Peck akumusewera, imene ikuwoloka nyanja kutsata uthenga wa Morse (wotumizidwa pa wailesi pogogoda kachipangizo) wosamveka bwino wochokera ku San Diego, m'dziko la America, poganiza kuti mwina alipo wina wamoyo. Msilikali amene watsika kukafufuza akupeza botolo la Coca-Cola litakodwa m'chingwe cha chotchingira pawindo, ndipo mphepo ikawomba, botololo likugogoda kachipangizo kotumizira uthenga.

Chofooka chake n'chakuti imayeretsa imfa mopitirira muyezo. Misewu ya San Francisco ndi yopanda anthu koma yaukhondo, mulibe mtembo kapena nyumba yogwa, ndipo nkhani ya chikondi cha Peck ndi Ava Gardner imatenga nthawi yaitali kuposa mmene ikanafunikira. Ngati mukufuna kuona chiwonongeko chenicheni, Threads ya mu 1984, imene BBC inajambula za mzinda wa Sheffield ku England, imatsata mayi wachitsikana kuyambira bomba lisanagwe mpaka zaka zoposa 10 pambuyo pake, pamene njala yavuta ndipo ana obadwa nthawi imeneyo akulephera ngakhale kulankhula bwino. Imeneyo musaonere ndi ana. Isanabwere Threads kunali The War Game ya Peter Watkins, imene BBC inaiona kuti ndi yoopsa kwambiri mu 1965 moti inakana kuionetsa pa wailesi yakanema mpaka mu 1985, ngakhale kuti inali italandira kale mphoto ya Oscar.