Za nyumba yanu ya ku Salima: yambani ndi dzuwa ndi denga

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli ku Joni, puloti munagula ku Salima, ndipo mitima ili iwiri: kugula nyumba yopangiratu kufakitale, ya mapanelo ija mumaiona kumeneko, n'kuitumiza pa thiraki, kapena kuumba njerwa n'kumanga monga timachitira tonse. Chomwe mukufuna n'chakuti ana asamagone panja mu Okutobala, komanso mayunitsi a magetsi asamathe ngati mukutunga madzi ndi dengu.

Ambiri akuyankhani za makoma. Ine ndikuti makomawo adikire kaye, chifukwa nyumba imatentha kapena kuzizira malinga ndi kumene yayang'ana komanso chimene chili pamwamba pake. Ndikunena izi nditapsa kale. Ndinamanga ku Balaka, ndipo mmisiri wanga anati nyumba iyang'ane kumsewu kuti anthu aziiona. Msewuwo uli kumadzulo. Tinaika windo lalikulu la pabalaza kumeneko, siling'i ndinati ndidzaika ndalama zikadzapezeka. Chaka choyamba chomwecho, ikangokwana 3 koloko masana, dzuwa linkalowa mpaka kufika pakhomo la kuchipinda. Usiku wa 10 koloko ukagwira khoma la mbali imeneyo linkakhala lofunda ngati mbaula yongozima kumene. Mayi a kunyumba ankayala mphasa pakhonde, udzudzu n'kumachita nawo phwando. Kukonza kwake kunandidyera ndalama zoposa zomwe ndikanawononga ndikanaganiza pa tsiku lokhoma zikhomo.

Ndiye musanakumbe maziko, imikani nyumbayo motere: mbali zake zazitali, zomwe zili ndi mawindo ambiri, ziyang'ane kumpoto ndi kumwera. Mbali zazifupi ndizo ziyang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa. Ku Salima dzuwa limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala komanso chapakati pa Febuluwale. Nthawi yotenthayo, dzuwa la masana limagwa pa denga, ndipo malata akatuluka bwino kunja kwa khoma, khoma lakumpoto ndi lakumwera limakhala pamthunzi. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, limalowa pa mawindo a mbali imeneyo n'kufunditsa m'nyumba nthawi yomwe mwera ukuwomba. Zonsezi n'zaulere, n'kungotembenuza pulani basi. Mbali yakumadzulo ikani bafa, chimbudzi, sitolo kapena galaja, zipinda zimene munthu sakhalitsamo. Chipinda chanu chogona chisakhale kumeneko. Ngati msewu uli kumadzulo ngati kwanga, khomo likhoza kuyang'ana kumsewu koma likhale mkati mwa khonde lalikulu.

Amisiri ambiri masiku ano amakonda denga lobisika kuseri kwa khoma, lija amati ndi lamakono. Likuoneka bwino pa chithunzi, sindikana. Koma khoma limakhala pamtunda, dzuwa ndi mvula zonse n'zake. Kwa ine malata atuluke masentimita 60 kapena kuposa mbali zonse.

Tsopano denga, pomwe pagona nkhani. Lata likapsa ndi dzuwa limatumiza kutentha konse pansi, ndiye pamafunika zinthu zitatu pakati pa lata ndi mutu wanu. Choyamba ndi pepala lonyezimira lija amayala pansi pa malata pokhoma, ambiri amalitcha sisalation. Pansi pake pakhale mpata wa mpweya, mbali yonyezimirayo isagunde chilichonse, apo ayi ntchito yake imachepa. Kuika pepalali nyumba itatha kale ndiye kuti mukhomole malata, choncho ligulidwe limodzi ndi malatawo. Chachiwiri ndi siling'i, ndipo pamwamba pake muyale zotchinga kutentha zija zokhala ngati bulangete lokhuthala. Kumene muliko zimapezeka m'mashopu a zomangira, ndipo n'zopepuka. Ngati pali katundu woti mutumize kuchokera ku Joni, ndi ameneyo. Chachitatu, mpweya wotentha wa pakati pa siling'i ndi malata ukhale ndi potulukira: timabowo pa khoma la m'mbali cham'mwamba, totchinga ndi waya wa sefa kuti mileme isapeze nyumba. Mtundu wa malata musautenge mopepuka. Akuda ndi a buluu wakuda ali m'fasho, koma amamwa dzuwa. Sankhani owala, oyera kapena otuwira.

Mawindo akhale moyang'anizana, mphepo ikalowa uku izitulukira uko. Kunyanja kuli mphepo yabwino madzulo, musaitsekere panja ndi mpanda wautali womangidwa pafupi ndi windo.

Tibwere ku makoma. Njerwa zootcha ndi zomwe tinazolowera, koma uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo nkhuni zake zikukwera mtengo chaka ndi chaka chifukwa mapiri ayera. Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Kuchokera pamenepo amisiri odziwa mabuloko a simenti ndi njerwa za SSB achuluka, simuvutika kuwapeza ngati kale. SSB ndi dothi losefa losakaniza ndi simenti pang'ono, n'kulipanikiza pa makina, osaotcha. Ine ndimaikonda chifukwa ndi yolemera, imachedwa kutentha masana. Imatulukanso yofanana bwino moti matope omangira amalowa ochepa, ndipo ena sapaka n'komwe pulasitala kunja.

Koma SSB ili ndi mwambo wake, ndipo poti inu muli kutali, apa mpamene angakupusitseni. Dothi likhale lapansi, osati lapamwamba lakuda la mizu. Kuliyesa n'kosavuta: thirani dothi m'botolo loonekera mkati, onjezani madzi, khutchumulani, lisiyeni usiku wonse. M'mawa muona mchenga pansi, dongo pamwamba. Dongo likachuluka njerwa imang'aluka, pamafunika kuwonjezera mchenga. Zikaumbidwa zisayanikidwe padzuwa ngati zidina. Zifunditsidwe ndi pulasitiki, zizithiridwa madzi tsiku ndi tsiku kwa sabata kapena kuposa, ndipo zidikire masiku 28 zisanakwere pakhoma. Anyamata akafuna kuthamanga amadumpha zimenezi, enanso amachepetsa simenti matumba ena n'kulowera kumsika. Pakhale munthu wanu wowerenga njerwa zotuluka pa thumba lililonse. Maziko okha amangidwe ndi miyala kapena mabuloko a simenti, akwere ndithu pamwamba pa nthaka, ndipo pulasitiki yotchinga chinyontho isaiwalike. Salima ndi kwa madzi osefukira, mukudziwa nokha.

Nanga ya kufakitale ija? Sindikuinyoza. Ubwino wake ndi liwiro, komanso palibe amene angakubereni simenti. Koma funsani chimene chili mkati mwa panelo. Ngati ndi malata awiri okhala ndi chotchinga kutentha chokhuthala pakati, denga lakenso chimodzimodzi, imeneyo ikhoza kukhalika, bola ikhale ndi khonde ndi mthunzi. Ngati ndi lata limodzi ndi bolodi yopyapyala, kapena kontena yongoboola mawindo, ku Salima mwagula uvuni wa buledi. Nyumba yopepuka imatentha msanga dzuwa likangotuluka, ngakhale imaziziranso msanga usiku. Muwerengerenso thiraki kuchokera ku Johannesburg kudutsa Beitbridge ndi Tete, msonkho wa pachipata, silabu ya konkire yoti ikhalepo yomwe mudzamangabe kuno, ndi funso ili: panelo ikadzaphwanyika zaka zisanu zikubwerazi, ina mudzaipeza kuti? Mukaphatikiza zonsezo, nthawi zambiri mupeza kuti kutchipa kuja kwathera panjira. Njira zatsopano zomangira zinafika kale kwanuko. Kampani ya 14Trees inamanga sukulu m'boma la Salima ndi makina osindikiza makoma a konkire, makomawo anatha m'maola 18, sukuluyo n'kutsegulidwa mu 2021. Ndi kampani yomweyo imene inafalitsa njerwa za Durabric, zomwe ndi za mtundu wa SSB. Koma pa nyumba imodzi ya banja, makina apamanja oumbira njerwa pa puloti pomwepo ndi amene ali pafupi ndi thumba lathu.

Za magetsi ndinena mwachidule. Chimene chimameza mayunitsi ndi chilichonse chotenthetsa. Giza ya 3 kW ikayaka maola awiri patsiku ndi mayunitsi 6, pamwezi 180. Ikani giza ya sola padenga, nkhani yatha, ndipo mapaipi ake alowe m'pulani pano. Ku South Africa komweko malamulo a zomanga a SANS 10400-XA, omwe anayamba mu 2011, amafuna kuti theka la madzi otentha m'nyumba yatsopano lisatenthetsedwe ndi giza wamba ya magetsi, ndiye mwina munaziona kale pa madenga a kumeneko. Mababu akhale a LED, la mawati 9 limawala ngati lakale lija la 60. Fani ya kudenga imadya pang'ono kwambiri poyerekeza ndi makina oziziritsa mpweya, ndipo m'nyumba ya siling'i yabwino imakwanira. Siyani mbali ina ya denga yoyang'ana kumpoto yopanda mthunzi, ndi paipi ya mawaya yotsikira pomwe padzakhale mabatire. Ngakhale sola musagule chaka chino, mudzaifuna. Tonse tikukumbukira mdima uja namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Mitengo bzalani chaka chino chomwe, nyumba isanayambe, makamaka kumadzulo. Nimu amakula msanga kumalo otentha ngati kumeneko, mango nawonso ndi abwino, koma atalikire khoma mamita angapo chifukwa cha mizu.

Chomwe mungachite sabata ino ndi ichi: tumani amene akukuyang'anirani puloti apite kumeneko 4 koloko madzulo, aime pakati, ajambule kumene kuli dzuwa ndi kumene kuli msewu. Mukaponya zithunzizo muno limodzi ndi pulani yanu, tikuthandizani kuona mbali yoti itembenukire musanalipire mmisiri ndalama yoyamba.